Kamuvi Kanaima

Achimwene ake a Injiniya anali ndi sewero limodzi lokha, ndipo silinkawatopetsa. Mlendo akafika pa fakitale yawo, ankamukhazika patsogolo pa kompyuta, n'kutenga kamausi kopanda chingwe, n'kutuluka nako. Ankadutsa khomo, kudutsa khonde, mpaka kukaima kuseri kwa khoma la nyumba yosungiramo katundu, akukayendetsa pantchafu. Kamuvi pa sikirini kankangovinabe.

"Mwaona?" ankakuwa ali komweko. "Tathu timamva ngakhale uli kuchimbudzi!"

Injiniya anali mlongo wawo wamng'ono. Dzinalo anamupatsa okha chaka chimene anamutumiza kukoleji, ndipo linamumatirira mpaka amayi awo anayamba kumuitana choncho. Pulogalamu ya m'timausi ankalemba ndi iye. Ankagona kwa achimwenewo, m'chipinda chimodzi ndi amayi, ankadya pa tebulo lawo, kupita kuntchito pa galimoto yawo. Ukati upume pang'ono, upumira kuti?

Ndiye kampani ina yakunja inafuna timausito, kontena yathunthu. Koma dziko lawolo lili ndi lamulo: kanthu kalikonse kolankhula ndi mafunde a wailesi kayezedwe kaye, kalandire satifiketi, kenako chidindo kumimba kwake. Kopanda chidindo kamathera padoko.

Injiniya anatenga kamausi kamodzi kupita nako kumalo oyezera. Anamulowetsa m'chipinda chopanda zenera, makoma ake ali minga ya siponji yokhayokha, chitseko cholemera ngati cha filiji ya kubutchala. Chitatsekedwa, makutu anangoti gwa. Woyeza, bambo wa magalasi wosadziwa kuseka, anamulozera mzere pa makina ake.

"Malire ndi awa. Kanu ndi aka, kadumpha mpanda. Kakukuwa, mayi. Kumeneko kangasokoneze zipangizo za anzanu. Kachepetseni mphamvu."

Atawafotokozera achimwene kuti kamausi kakachepetsedwa mphamvu sikamvanso patali, iwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Basi? Chepetsa kamodziko, akayeze, atipatse pepala. Tinato utisiye mmene tilili. Zovala za kutchalitchi sitilimira nazo, iwe."

"Achimwene, pa satifiketipo pakhala dzina langa. Ndikhala ndikulumbira kuti tonse n'tofanana ndi koyezedwako. Akadzatigwira adzaletsa katundu yense, ndipo ine sindidzasainanso chinthu kulikonse."

"Dzina lako? Analikulitsa ndani dzinalo?"

Madzulo ake Injiniya anayesa kudandaulira amayi, akuwapaka mafuta m'mawondo. Amayi sanafune n'kumva komwe za mafunde. "Chibale n'fupa, mwanangu, sichiola. Mvera mkulu wako." Eya, sichiola, koma palibe amene amanena kuti fupa limatsamwanso pakhosi. Injiniya anali ndi mantha, anali ndi mkwiyo, ndipo onsewo analibe kowatulira.

Anachita zimene munthu wopanikizika amachita: anavomera ndi pakamwa, manja n'kuchita zina. Anachepetsa mphamvu m'pulogalamu imene imalowa m'kamausi kalikonse, osauza munthu. Koyezedwa kanapambana, satifiketi inabwera, achimwene anaiika mufulemu pamwamba pa chithunzi cha ukwati wawo. Antchito anamata zidindo, makatoni anaunjikana mpaka kudenga. Injiniya ankadutsa pakati pa makatoniwo chammbali, podziwa kuti katoni iliyonse ikhoza kumuulula.

Kontena isanatsekedwe, kampani ija inatumiza mayi wina kudzaona katundu. Anali wamfupi, wa nsapato zafulati, wofunsa pang'ono. Injiniya ankapemphera chamumtima kuti achimwene aiwale sewero lawo. Aiwale? Iwowo? Anang'amba katoni yatsopano, anasolola kamausi, anamukhazika mayiyo pampando.

"Muyang'ane kamuvi, mayi. Musaphethire."

Anatuluka. Pakhomo kamuvi kanavina. Pakhonde kanayamba kutsimphina. Asanafike n'komwe pakhoma paja, kanangoti zii pakati pa sikirini.

"Mwaona?" mawu anachokera kuseri. Antchito onse mwadzidzidzi anapeza chochita pansi pa matebulo. "Ndati mwaona?"

Achimwene anabwerera akumwetulira, thukuta lili pamphumi, n'kupeza kamuvi kali chiimire. Anakagogoda kamausi pachikhatho, anatulutsa batire, anaibwezera. Ali pafupi kanagwira bwinobwino. Pamenepo anatembenuka n'kumuyang'ana mlongo wawo, ndipo Injiniya analakalaka simenti itang'ambika.

Mayi uja anatulutsa kamakina m'chikwama, anasankha timausi m'makatoni a pansi ndi a pakati, anatiyeza mosafulumira.

"Zili bwino," anatero. "Kakanafika kuseri kuja, bambo, ndikanabwerera osatenga ngakhale kamodzi. Tidzafunanso tina. Koma tigwirizane chinthu chimodzi: amene dzina lake lili pa satifiketi, ndiye aziyeza ndi kusaina ulendo uliwonse. Akachoka, tiyambiranso zonse."

Achimwene anamugwira chanza, anamuperekeza mpaka pageti, akuseka kuseka kwa mano okhaokha. Antchito anaomba m'manja pang'ono, kenako anasiya ataona nkhope ya bwana.

Tsono taonani msampha wake. Kumuchotsa ntchito sakanatha, chifukwa malonda akanapita naye. Kumukhululukira sakanatha, chifukwa anawavula pamaso pa antchito awo ndi mlendo. Nayenso Injiniya kuchoka sakanatha: fakitale ikanagwa, ndipo amayi akanamwa chiyani, akanagona pati? Ankayembekeza kukalipiridwa. Ankakufuna ndithu kukalipako, kuti chithupsa chiphulike zithe.

Poweruka anakwera galimoto monga mwa masiku onse, iye kumbuyo, alamu ake kutsogolo. Alamuwo ankagwira ntchito kuofesi ya fakitale ndipo zonse anaziona. Msewu unali wodzaza, magalimoto akukwawa, mawindo otseka chifukwa cha utsi. Palibe anayatsa wailesi.

"Achimwene," anayamba Injiniya, "ndinalakwa kusakuuzani. Koma ndikanakuuzani…"

Achimwene sanayang'ane n'pagalasi pomwe. Anatembenukira kwa akazi awo, nalankhula mofatsa, mwaulemu, ngati akunena za munthu amene ali kutali.

"Mayi a ana, muwauze a pa satifiketi kuti mawa kuli makatoni ena oti ayeze. Asachedwe."

Alamu anapotokola lamba wa chikwama. Kenako anapotoloza khosi pang'ono, maso ali pansi.

"Akuti mawa musachedwe," anatero.