Chala Chomangira Atambala

Wáscar Peguero anali munthu wosadziwa kukhala pansi, ndiye kumugoneka m'chipatala kunali ngati kumangirira mbuzi pafupi ndi dimba. Pofika tsiku lachitatu anali atazungulira wodi yonse kambirimbiri, akukoka chitsulo cha diripi, mpaka anamwino anatopa nako kumukalipira.

Ntchito yake inali yomanga minga yapulasitiki kumiyendo ya atambala omenyana. Lamlungu likafika, eni atambala a m'tauni yakwawo ya Moca ankachita kuima pamzere kudikira iye, poti mfundo yake ya ulusi ndi phula sinkamasuka ngakhale tambala amenye mpaka kufa. Luso lonselo linali m'chala chachikulu cha dzanja lamanja, ndipo chalacho tsopano chinali chitatupa ngati mbatata.

Tambala wina ndiye anamulasa pamenepo, masabata atatu m'mbuyomo. Wáscar anachita zomwe ankachita masiku onse. Anatsegula chitini cha mankhwala a nkhuku, n'kutenga kapisozi wofiira ndi wakuda, kumutsegula, ufa wake n'kuwaza pabala. Awiri ena anamezera khofi. Ululu utachepa anasiya, utabwerera anamezanso. Makapisozi omwewo ndi amene ankasungunulira atambala ake m'madzi akumwa sabata iliyonse, odwala ndi osadwala omwe. Amati kupewa kumaposa kuchiza, koma mkuluyu mwambiwu anaumvera khutu limodzi.

Lachisanu Dokotala Liriano, mayi wosakonda kuzungulira, anabwera ndi pepala la kulabu.

"Bambo Peguero, tayesa mankhwala asanu ndi awiri pa tizilombo ta m'bala mwanumo. Asanu ndi amodzi sakupha tizilomboti."

"Ndiye mungondibaya jakisoni wamphamvu uja, adokotala. Lamlungu ndili ndi ntchito ine."

"Wamphamvuyo ndi amene akudontha m'botolomo. Pambuyo pake tilibe wina pano. Tizilomboti mwakhala mukutilawitsa mankhwala pang'onopang'ono, kunkhuku ndi m'thupi mwanu, mpaka tinazolowera."

Anatulutsa bolopeni, n'kujambula mzere kuzungulira pomwe kufiira kunalekezera.

"Kukadumpha mzere uwu, tikambirana zina."

Kuyambira pamenepo Wáscar sanaonenso china. Akakhala pabedi, maso pamzere. Akaima pazenera kuyang'ana njinga zamoto pamsewu, maso abwerera pamzere. Foni nayo sinkapuma, anthu kufunsa ngati abwera Lamlungu, iye n'kumayankha kuti abwera, ndi kabala chabe.

Loweruka mkazi wake Yudelka anabwera ndi nthochi zosinja, anyezi pamwamba ndi soseji yokazinga pambali. Zaka makumi awiri za ukwati, mayiyu atambala anali asanawakondepo ngakhale tsiku limodzi.

"Anzanu anakwatira akazi, inu munakwatira nkhuku," anatero akutsegula mbale. "Nanga bwanji sizinabwere kudzakuonani?"

"Wawapatsa madzi?"

"Madzi enieni. Chitini chija ndachipereka kwa anesi."

"Iwe Yudelka, ufuna kundiphera ziweto?"

"Idyani, bambo inu. Chakudya chikuzizira."

Sanadye. Ananyamuka, n'kukafika kumapeto kwa khonde, kubwerera, kupitanso. Mantha anali atamugwira ndithu, koma mwamuna woti anthu amamuimira pamzere angauze ndani zoti akuopa mzere wa bolopeni?

Lamlungu m'mawa kufiira kunali kutadumpha, ndipo nsonga ya chala inali itada. Dokotala Liriano anayang'ana nthawi yaitali, n'kukanikiza apa ndi apo. Wáscar sanamve kalikonse.

"Chalachi chafa, bambo. Tikachisiya chitenga dzanja lonse. Tichichotsa masana ano."

"Mawa sizingatheke?"

"Mawa tidzakhala tikukamba za dzanja."

Dokotala atatuluka, Wáscar anakhala pansi. Yudelka anali asanamuonepo atakhala chonchi, phee, miyendo osagwedeza, ndipo zinamuopsa kuposa chala chakudacho.

"Uli ndi ulusi m'chikwamamo?" Wáscar anafunsa.

Unalimo, wosokera mabatani. Anapempha kamtengo ka machesi kwa mkulu wogona bedi loyandikana nalo, n'kuuza Yudelka atambasule chala chake. Chala cha mkazi chinakhala mwendo wa tambala, kamtengo n'kukhala munga. Anafuna amange kamodzi kokha, komaliza. Anazunguliza ulusi kawiri, koma pofuna kupanikiza, chala sichinamvere. Kamtengo kanagwa pansi. Anatola, kuyesanso, kanagwanso.

Yudelka anatola yekha kachitatu.

"Bweretsani chala chanu chakumanzere. Muzindiuza."

"Iwe? Si umadana nazo nkhuku iwe?"

"Ndimadana nazo mpaka pano. Nenani, ndiyambire pati?"

Anamuuza. Katatu pansi, kawiri pamwamba, kupingasa, kenako kupanikiza ndi chala chachikulu uku ukukoka. Njira imeneyi anali asanauzepo munthu, ngakhale amene ankamugulira mowa kuti aulule. Yudelka anamanga, milomo ataluma, misozi ikugwera paulusi.

Pakhomo panafika anamwino awiri ndi bedi lamatayala.

"Bambo Peguero, nthawi yakwana."

Wáscar sanatembenuke. Anagwedeza kamtengo kaja, n'kuona kuti kakusuntha.

"Yalephera iyi, tambala angavule. Masula uyambirenso." Kenako anayang'ana anamwino aja. "Tadikirani pang'ono, amayi. Angomanga imodzi yokha."