Kadzanja pa Khoma

Kwa masiku atatu mayi wa khanda ankapaka penti pabalaza, mwana ali kumbuyo. Chitini cha pentiyo anabwera nacho ndi mwamuna wake, penti wotuwira ngati tiyi wamkaka, ndipo mayiyo anaganiza kuti banja lawo lomwe linkagwedezeka tsopano lakhazikika. Atawerama pafupi ndi zenera, mwana anatambasula mkono n'kudinda kadzanja pakhoma lonyowa. Mayiyo anaseka n'kukasiya pomwepo.

Madzulo mwamunayo analowa ndi mkazi wina wa chikwama chofiira. Mlendoyo anayang'ana makoma onse anayi.

"Eya, mtundu ndinasankha uja ndi womwewu. Mwayesetsa, achemwali," anatero.

Kenaka analoza pazenera, akuuza mwamunayo: "Koma kadzanjako afufute asanalongedze."

Mwamunayo anatola bulashi pansi n'kupatsa mayi wa mwana wake.