Tsiku Limene Renske Anatseka Zikwama

Renske, mkazi wa mwana wanga Hidde, ndinadana naye tsiku lomwe analowa m'nyumba mwanga n'kunena kuti supu wanga wa nsawawa wachuluka mchere. Papita zaka makumi awiri koma sindinaiwale. Amagwira ntchito yachipatala, komatu osati ya m'wodi ngati anamwino aulemu wawo. Iyeyu amapalasa njinga m'tauni, zikwama ziwiri zofiira zili lende kumbuyo, china uku china uku, ngati wogulitsa nsomba. Ndinkamufunsa pamaso pa anthu, "Apongozi, lero nsomba zayenda malonda?" Iye ankangoti, "Amayi, m'zikwamamu muli moyo wa anthu." Ine n'kuseka mpaka kutsokomola.

Amuna anga a Wiebe ndi amene ankamukonda. Chaka chatha atagona m'chipatala milungu isanu ndi umodzi ndi vuto la mtima, mapaipi m'mphuno, mapaipi m'manja, anabwerako atasanduka munthu wina. Tsiku lina pa khofi anati, "Geertje, ine mapaipi aja sindikuwafunanso." Ndinati, "Khalani chete, imwani mapiritsi anu." Anakhaladi chete. Ankandimvera a Wiebe.

Linali tsiku la chikondwerero cha kubadwa kwa mfumu ya dziko lathu. Tauni yonse itavala zamtundu wa lalanje, anthu atayala mabulangete m'mbali mwa ngalande kugulitsa zinyalala zawo zakale, khamu loti ngakhale mphaka sangadutse. Ine ndi a Wiebe tikuyenda pang'onopang'ono, iwo atagwira nsomba yawo yaiwisi kumchira monga timadyera kuno, anyezi akuyoyokera pajuzi yomwe ndinaluka ndekha. Kenaka maso anga anagwera pa bulangete la mwana wanga wamkazi Aukje. Makapu a malemu amayi anga, a maluwa obiriwira aja, omwe ndinamupatsa pa ukwati wake! Atawayika pakati pa nsapato zakutha ndi chidole chopanda mutu.

Mtima wanga unasangalala, sindinama. Mkangano wabwino ngati umenewu umabwera kamodzi pachaka.

"Aukje, bwanji osagulitsanso ineyo? Ndikhale apa pafupi ndi chidolechi?"

"Amayi, musayambe. Makapu ake ndi ong'aluka."

"Anang'aluka m'manja mwa ndani? Kwa ine anakhala zaka makumi atatu osathyoka ndi chogwirira chomwe. Kwako mwamuna anathawa, makapu akuthawanso."

"Geertje, musiye mwanayo," anatero a Wiebe kumbuyo kwanga.

"Inu idyani nsomba yanu!"

Sindinacheuke n'komwe. Ndinangomva phi! ngati thumba la mbatata lagwa pangolo. Potembenuka, a Wiebe ali chagada pamiyala, chipewa uko, nsomba uko, nkhope yasanduka phulusa. Bambo wina wovala tsitsi loyikira la mtundu wa lalanje anali kale pafoni. Anati ambulansi yaima kumlatho, singalowe, koma wa panjinga akubwera.

Ndinamva belu ndi kulira kwa kambetete, anthu akupatuka. Anali Renske. Moyo wanga wonse sindinasangalalepo kuona nkhope yake kufikira tsiku limenelo. Anagwetsa mwendo wa njinga, n'kumasula zikwama zonse ziwiri asanaime n'komwe bwinobwino. Anagwada, n'kuika zala pakhosi pa a Wiebe, tsaya lake pakamwa pawo.

"Ababa! Ababa, ndine Renske!"

Zii.

Chikwama chakumanja anatulutsamo makina aja odzutsa mtima. Chakumanzere botolo la mpweya, chovala kukamwa, sizasi. Chilichonse chinali pamalo pake, dzanja limangopita lokha osayang'ana. Atatsegula chivundikiro, makinawo anayamba kulankhula ndi mawu a mzimayi: chotsani zovala pachifuwa, matani zomatira. Renske analowetsa sizasi pajuzi yanga ija, kweee, mpaka pakhosi. Ndinati dula mwanawe, ndilukanso ina.

Kenaka manja ake anaima.

Pachifuwa pa a Wiebe panali kachiphaso kakang'ono kolendewera pa tcheni, kali ndi chithunzi chawo. Ine ndinali ndisanakaonepo. Sukulu ndinangoinunkhiza, ndipo magalasi ndinali nditawasiya kunyumba.

"Chimenecho n'chiyani? Bwanji waima?"

"Amayi, palembedwa kuti mtima wanga ukaima musaudzutse. Pali dzina lawo, asayina okha."

"Bodza! Kachotse! Mata zinthu zakozo!"

"Sindingathe, amayi."

"Ungathe! Si ntchito yako imeneyi? Si moyo wa anthu uli m'zikwamamu?"

Makina aja akungobwereza: matani zomatira, matani zomatira. Ndinagwada, ine wa mawondo owolawa, n'kugwira zomatirazo kuti ndimate ndekha. Renske anandigwira mkono. Ndinamumenya kumaso ndi dzanja linalo, pha! Sanaphethire. Aukje akukuwa pamwamba pathu, "Ukupha bambo anga, iwe! Sindiwe mwana wawo, ulibe mawu apa!" Kwa nthawi yoyamba ine ndi Aukje tinali mbali imodzi, ndipo sizinathandize kanthu.

Renske anatambasula dzanja n'kuzimitsa makinawo. Mzimayi uja anakhala chete pakati pa mawu. Kutsidya kwa ngalande gulu la malipenga likuimbabe, silikudziwa kanthu.

Anavula jekete yake n'kuitsamiritsa kumutu kwa a Wiebe. Anabweza mbali ziwiri za juzi pachifuwa pawo kuti anthu asamawaone ali choncho. Kenaka anatenga dzanja langa, lomwe lija ndinamumenyera, n'kuliika patsitsi pawo.

"Lankhulani nawo, amayi. Mwina akumvabe."

Zaka makumi asanu ndi zitatu ndakhala ndikulankhula ndi bambo amene uja, m'mawa mpaka madzulo, osapuma. Nanga apo? Mukudziwa zomwe ndinanena? Ndinati, "Wiebe, muli ndi anyezi pachibwano." Ndinawapukuta ndi chala. Basi, ndi zomwezo.

Renske analankhula pawailesi ya paphewa, motsitsa mawu. Kenaka anayamba kulongedza. Makina kumanja. Botolo kumanzere. Sizasi m'kathumba kake. Zipi yoyamba anakoka bwinobwino. Yachiwiri inamukanika, anakoka katatu. Phokoso la zipi imeneyo ndimalimvabe ndikamatseka chikhoti changa.

Pamaliro Renske sindinamuyang'ane. Titabwerako kumanda, anthu akumwa khofi ndi keke youma ija ya pamaliro, Aukje akuuza aliyense kuti mlamu wakeyo akamusumira, ndinaona Renske akutuluka yekha panja poimika njinga. Ndinamutsatira.

"Unkadziwa," ndinatero.

"Ee, amayi. Anandipempha ndine kuti ndiwathandize kulemba mapepala. Chithunzi chija ndinawajambula m'khitchini mwathu. Adokotala awonso analankhula nawo kawiri."

"Nanga ine kachiphasoko osakaona bwanji? Ndimawachapira, ndimawasitira."

"Ankakasunga m'shedi yosungira zipangizo ija, m'chitini cha misomali. Ankavala akamatuluka, n'kuvula akamalowa."

M'shedi! Ine ndinkayesa amakasuta fodya mobisa, ndipo ndinkawakalipira chifukwa cha zimenezo.

"Ngati unkadziwa, unatsegulanji zikwamazo? Unadulanji juzi yanga? Kundipatsa chiyembekezo ngati mwana?"

Tsaya lake linali lidakali ndi kachizindikiro ka mphete yanga.

"Njira yonse ndikupalasa ndimapemphera kuti lero akhale ataiwala kuvala. Akanaiwala, amayi, ndikanati sindikudziwa ngati asintha maganizo. Ndikanamata zomatira zija."

Ndinafuna kumutukwana. Mawu ndinali nawo okonzeka, abwino kwambiri. Koma m'malo mwake munatuluka funso lomwe linkandidya kuyambira tsiku lija.

"Bwanji sanandiuze ine? Ine mkazi wawo?"

"Ndinawauza kuti akuuzeni. Kangapo konse."

"Anati chiyani?"

"Anati, Geertje akangana nane mpaka ndigonja. Ndipo ndikagonja, ndibwerera kumapaipi."

Ndinakhala pansi pa kakhoma ka njerwa. Renske anaima pomwepo, osandigwira, osachoka. M'kati Aukje mawu ake akumveka kudzera pawindo.

Sananame a Wiebe. Ndikanakangana nawo. Ndikanalira, ndikanaitana ana onse, ndikanabisa kachiphasoko kapena kukaponya m'ngalande. Ndipo ndikanawina. Ndinkawina nthawi zonse.