Matumba Anayi a Kachewere ndi Kamera Yopanda Filimu

Jesinta sanandikane. Ndiyambire pamenepo, chifukwa alipo ena pa Dedza pano amene nkhaniyi amaifotokoza mokhotetsa.

Ndinamufunsira mu Malichi chaka cha 1999, pansi pa mitengo ya paini kuseri kwa tchalitchi, nditaloweza mawu sabata yathunthu. Fomu 4 tinamaliza limodzi. Iye anakhoza bwino ndipo anamutenga kusukulu ya unamwino ku Blantyre. Ine ndinakhoza mwaulemu chabe, ndiye ananditenga amalume anga a Bonifasio. Maso awo anali atayamba kuchita nkhungu, choncho anandipatsa kamera yawo ya filimu kuti ndiziyenda nayo m'midzi kujambula anthu.

Jesinta anamvetsera mpaka ndinamaliza, akulembalemba pansi ndi nsonga ya nsapato.

"A Stefano," anatero. Chiyambire Sitandade 1 ankangonditi iwe, ndiye ulemu umenewo unandiopsa. "Ndijambuleni. Chithunzi chikatuluka mubwere nacho, yankho langa ndidzalemba kuseri kwake."

Kwathu zinkayenda choncho. Mtsikana wopita kusukulu sankayankha pakamwa ngati akugulitsa tomato. Ankalemba kuseri kwa chithunzi chake, mnyamata n'kuchisunga m'thumba la shati mpaka m'makona mutapindika.

Ndinamujambula pomwepo. Nditayang'ana kanambala ka pamwamba pa kamera, kanali pa 7. Filimu imatha pa 36. Jesinta ankanyamuka Lamlungu la sabata inayo.

Ndinapempha amalume kuti tiitumize filimuyo ku Lilongwe mmene inalilimo akaitsuke. Anandiyang'ana ngati ndanena kuti tiphe nkhuku yofungatira.

"Mphwanga, filimu ili ngati mimba, saifulumizitsa. Ikakwana yokha tiipatsa adalaivala a basi, akaisiye kusitudiyo, sabata inayo akaitenge. Ukuthamangira kuti?"

Ndinangokwera njinga kukasaka anthu makumi awiri ndi asanu ndi anayi ofuna kujambulidwa.

Koma Malichi si mwezi wa zithunzi. Chimanga chinali chisanache, masaya a anthu ali m'kati. Mayi wina ku Mphunzi anati ndidzabwere akakolola, chifukwa panopa ndingojambula makosi okhaokha. Bambo wina pamsika anali atavomera, atapesa kale ndevu, kenako anadziyang'ana pachifuwa. Anali atavala malaya a chipani, paja zisankho zinali pafupi.

"Chituluka liti chithunzichi?"

"Posachedwapa, bambo."

"Ndimakudziwani inu ojambula. Chidzatuluka mavoti atawerengedwa kale, ine n'kupezeka ndapachika pakhoma malaya a chipani choluza. Pitani."

Patatha masiku asanu kanambala kaja kanali pa 11, ndipo chimodzi mwa zithunzizo chinali cha mbuzi ya amalume, yomwe yokha sinandifunse mafunso.

Ndipamene ndinamva kuti Vinsenti wabwera. Vinsenti anatisiya tili Fomu 1 n'kupita ku Joni, ndipo akabwera ankayala katundu kuseri kwa nyumba yometera pa Boma: mawotchi, mawailesi, mafuta odzola. Nditamufotokozera vuto langa anaseka mpaka dzino lake lagolide linaona dzuwa.

"Aise, filimu inatha ntchito. Ku Joni ngakhale galu sajambulidwa pa filimu. Khala pansi."

Anayala thawulo pabenchi, n'kutulutsa m'chikwama makamera atatu.

Yoyamba inali yakuda, yolemera ngati mwana wakhanda, diso lake lotha kuchotsa n'kuikapo lina.

"Iyi ndi ya atolankhani," anatero Vinsenti. "Umasuzumira m'diso lomwelo lojambulira, ngati ya amalume akoyo, koma m'mimba mwake muli kompyuta."

Nditaiika pamaso, Dedza anasowa. Ndinadziona ndili ku Blantyre, nditavala jekete la matumba ambirimbiri, ndikutsika ndege, Jesinta atavala zoyera akundibayibitsa pageti pa chipatala, madokotala akufunsana kuti kodi bwana ameneyu ndi ndani.

"Ndi zingati?"

"Uli ndi ng'ombe zingati?"

"Amalume ali ndi mbuzi."

Vinsenti anandilanda kamerayo pang'onopang'ono, ndi manja awiri, n'kuibwezera m'chikwama.

Yachiwiri inali kakang'ono ngati sopo. Mtengo wake unali wa anthu, koma inalibe poonera. Vinsenti anati ukajambula umadikira mpaka ukapeze kompyuta, n'kulumikiza chingwe, ndiye uone zomwe wajambula. Nditangomva liwu loti kudikira ndinakakankhira kumapeto kwa thawulo.

Yachitatu inali ngati theka la buledi. Kachitseko ka batire kanali komanga ndi legeni, ndipo m'nthiti mwake munkalowa disiketi, kambale kakuda kamakona anayi kosungira zinthu za pa kompyuta. Vinsenti anandiloza nayo, kuti phethi, n'kuitembenuza. Kumbuyo kwake kunali kagalasi, ndipo pakagalasipo panali ine, kukamwa kuli yasa, khutu limodzi likuwala.

Anthu inu! Ine amene ndinazolowera kuona ntchito ya manja anga patatha milungu itatu, ndinadziona ndisanatseke n'komwe pakamwa.

Sindinagule mopupuluma, ayi. Ndinafunsa kuti batire imakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinafunsa kuti disiketi imodzi imalowa zithunzi zingati. Ndinafunsa ngati imapirira chifunga cha m'phiri, ndiponso chifukwa chake ikumangidwa ndi legeni. Vinsenti anati ndi legeni yemweyo amene watsitsa mtengo, ndimuthokoze. Iye ankafuna kamera ya amalume ndi matumba asanu ndi limodzi a kachewere wa m'munda mwanga. Ndinamukoka mpaka anafika pa anayi, ndipo ndinadziona wochenjera kwambiri.

"Nanga filimu ili m'katiyi?" anafunsa akulandira kamera yakaleyo.

"Ya chiyani? Ndikamujambulanso."

Lachinayi masana ndinakumana ndi Jesinta pansi pa mitengo yomwe ija. Ndinamuthyolera duwa la mpanda wa kutchalitchi kuti agwirizire. Phethi! N'kumutembenuzira kagalasi, ndikudikira kuti akomoke ndi chimwemwe.

Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mphuno iyi si yanga."

"Ndi yanu, Jesinta. Ndi yokongola ngati..."

"Fufutani. Jambulaninso."

Apa ndinaphunzira chinthu chimene amalume sanandiuzepo, poti nawonso sankachidziwa. Munthu wojambulidwa pa filimu amalandira chilichonse chomwe chatuluka, chifukwa pofika tsikulo amakhala ataiwala mmene ankaonekera, ndipo amangosangalala kuti mutu ulipo. Koma muonetseni pomwepo! Chachiwiri akuti ndamufupikitsa. Chachitatu akuti akuoneka ngati azakhali ake a ku Mayani. Chachisanu ndi chimodzi akuti duwa lakongola kuposa iye, ndipo anandifunsa ngati ndachitira dala. Dzuwa linapendeka, ine ndikugwada, kuimirira, kukwera pachitsa, kachizindikiro ka batire kakufupikirafupikira.

Pa chithunzi cha khumi ndi chisanu ndi chiwiri anasendera pafupi ndi kagalasi. Kenako anamwetulira, osati kumwetulira ine, koma mtsikana wa pakagalasiyo.

"Ichi ndiye ine."

Anasolola cholembera chofiira chomwe anachisomeka m'tsitsi, n'kutambasula dzanja. Ndinamupatsa kamera. Anayang'ana nkhope yake pakagalasi, n'kutembenuza kuti alembe kuseri. Kuseriko kunali diso la kamera likumuyang'ana. Anatembenuzanso. Anasuzumira pansi pake, pomwe panali legeni.

"A Stefano, ndilemba pati?"

Nanenso ndinasuzumira kamerayo mbali zonse. Panalibe polemba.

"Chithunzi chanu chilibe kuseri," anatero, akubwezera cholembera m'tsitsi. "Ndikwera minibasi Lamlungu ikangotha Misa yoyamba."

Njinga ija sinathamangepo ngati tsiku limenelo. Vinsenti ndinamupeza akudya kachewere wanga wokazinga.

"Ndibwezere kamera ya amalume!"

"Yawoloka dzulo. Anaigula mnyamata wa ku Mozambique."

"Nanga filimu?"

"Ndinatsegula kumuonetsa kasitomala kuti m'kati ndi moyera. Filimu yako ikuopseza mbalame m'munda mwa ometawa."

"Ndiye chithunzi chimatuluka bwanji m'chinthu chakochi?"

"Eee, aise, unafunsa za chifunga, unafunsa za legeni, koma zimenezo sunafunse. Pamafunika pulinta, makina osindikizira papepala. Ku Joni ili pakona iliyonse."

"Kuno ili kuti?"

Anaganiza akutafuna. "Kayese kwa a Sisitere."

Mu ofesi ya parishi munalidi kompyuta, yovindikira ndi nsalu yoluka ngati mtanga wa mkwatibwi, ndipo pambali pake panali makina osindikizira mapepala a nyimbo. Zonsezi ankasunga ndi a Sisitere Kristina, amene anandiphunzitsa katekisimu ndipo sanandikhulupirirepo chiyambire. Analowetsa disiketi ija. Pagalasi panatuluka Jesinta khumi ndi asanu ndi awiri, poti sindinafufute ngakhale chimodzi.

"Uyu si mwana wa aphunzitsi aakulu?"

"Ndi iyeyo, Sisitere. Akufuna chithunzi cha kusukulu."

"Cha kusukulu atagwira duwa la pampanda wathu?"

Ndinayang'ana pansi. A Sisitere anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo mpaka ndinayamba kukumbukira machimo ena osakhudzana ndi nkhaniyi. Kenako anapumira m'mwamba.

"Chimodzi chokha. Ndipo pepala latsopano sindingawononge pa zimenezi."

Anatenga pepala limodzi pamulu wa otsala, n'kulilowetsa chotembenuza. Makinawo anayamba kulira ngati nyenje ya m'chilimwe, mzere umodzi, kupuma, mzere wina. A Sisitere anatulutsa korona, ndipo anamaliza magawo awiri chipumi cha Jesinta chisanathe.

Chomwe chinatuluka chinali timadontho takuda tokhatokha. Ukachiika patali, unkaona kuti ndi munthu. Ukachibweretsa pafupi, unkaona nyerere zili pamsonkhano. Duwa lija linasanduka chinthu chonga mutu wa nsomba. Komabe linali pepala, logwirika m'manja, ndipo ndinalipinda bwinobwino osayang'ana mbali inayo.

Lamlungu pasiteji pa Boma kunkazizira, chifunga chisanachoke m'phiri. Bambo ake a Jesinta ankakangana ndi kondakitala kuti sutikesi isakhale pansi pa thumba la kabichi. Jesinta anapatuka pang'ono n'kuima kuseri kwa ogulitsa mazira owiritsa. Ndinamupatsa pepala lija ndi manja awiri.

Analitambasula. Analiika patali, n'kulibweretsa pafupi. Mapewa ake anayamba kugwedezeka.

"Ameneyu ndi ndani?"

"Ndi inu. Chija munachikonda chija."

"Anadwala chiyani?"

"Jesinta, chonde, minibasi ikudzaza. Kuseri kulipo tsopano."

Anatembenuza, n'kuyamba kuwerenga mokweza. Kuseriko kunali kodzaza kuyambira pamwamba mpaka pansi. Inali ndondomeko ya nyimbo za pamaliro a mkulu wina wa mpingo amene tinamuika mu Januwale: nyimbo yotulutsira mtembo m'nyumba, nyimbo ya panjira, nyimbo yotsitsira bokosi.

Jesinta anaseka mpaka anagwira phewa la wogulitsa mazira. Ine ndinkafuna nthaka ya Dedza itseguke, ngakhale ndi miyala yakeyo.

"Yankho langa silingagone pamodzi ndi nyimbo za maliro," anatero akupukuta misozi.

"Ndiye basi?"

Anasolola cholembera chofiira chija, n'kutsamiritsa pepala pabondo, mbali ya nyerere ili pamwamba. Pakona pomwe panayenera kukhala thambo panali malo oyera pang'ono. Analemba pamenepo, atabisa ndi dzanja ngati tili m'mayeso, n'kulipinda kanayi.

"Musatsegule mpaka minibasi itabisika pakhona paja. Mwamva?"

"Ndamva."

"Lumbirani."

"Pali amalume."

Bambo ake anamuitana. Anakwera, n'kukhala pawindo, kondakitala n'kumenya chitseko. Ine ndinatsegula dalaivala asanalowetse giya yachiwiri.

Analemba kuti: "Munthu wa pachithunzi uyu wakukanani, ndipo sindikumudziwa. Ine ndibwera pa Khirisimasi. Mudzandijambule ndi kamera ya anthu, mudzafunsenso."

Nditadzutsa mutu, minibasi inali isanafike n'komwe pakhona. Jesinta anali atatulutsa mutu pawindo, akundiloza ndi cholembera chofiira, pakamwa pake pakuoneka kuti akunena kuti ankadziwa kale kuti nditsegula.

Ndinamubayibitsa ndi pepalalo mpaka anabisika. Kenako ndinakwera njinga pang'onopang'ono kulowera kwa amalume, amene m'mawa womwewo anali atandifunsa kuti kodi kanambala kaja kafika pati.