Batani la Kondakitala

Ine ndine telala, ndipo ndasoka zaka zoposa makumi atatu. Ndikaona munthu wakola batani pabowo lolakwika, ngakhale akhale mlendo wongodutsa pamsewu, zala zimandiyabwa. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwiretu mtundu wa mkazi amene a Dalaivala anakwatira.

A Dalaivala ndi amuna anga. Anayendetsa basi kuyambira tisanakwatirane mpaka tsiku limene sitiroko inawagwetsa m'bafa, ndipo dzinalo silinawachoke. Iwonso amanditchula a Telala, makamaka akafuna kundiputa. Atatuluka m'chipatala mwendo unabwerera pang'onopang'ono, pakamwa panawongoka, koma dzanja lamanja linangokhala pantchafu, zala zitapindika. Dokotala wa mafizo, mayi wamfupi wosadziwa kuseka, anatiuza mosapita m'mbali kuti dzanjalo silinafe. Anati likamagwira ntchito libwerera, koma likangokhala miyezi ingapo liuma, ndipo likauma ndiye kwatha.

"Inu mayi, musamawachitire chilichonse," anatero akundiloza ndi cholembera. "Asiyeni avutike."

Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinati mayi ameneyu sanakwatiwepo. M'mawa mwake ndinaona amuna anga akulimbana ndi batani la malaya mpaka thukuta kamukamu, munthu amene ankakhotetsa basi yodzaza ndi dzanja limodzi, linalo akupatsira moni anzake. Sindinapirire. Ndinasonkhanitsa malaya awo onse asanu ndi awiri, n'kudula mabatani, n'kusokerera zomata zija zimalira khwee pomatula. Mabataniwo ndinawathira m'chitini cha mabisiketi. Ndinadziona wanzeru kwabasi tsiku limenelo. Iwo anavala n'kumata. Kampira kofinya kamene dokotala anawapatsa kanagubuduzikira pansi pa sofa, ndipo palibe anakatola.

Pulinta inabwera ndi mwana wathu wachisamba. Anati akusamukira m'nyumba yaing'ono ndipo alibe poiika, koma mwana ndinabereka ndekha, bodza lake ndimalidziwa. Si pulinta ya mapepala ayi. Iyi imadya ulusi wapulasitiki wokulungidwa pagudumu, n'kuusungunula, n'kumasanja mzere pamwamba pa mzere mpaka chinthu chitaumbika. Anaikhazika patebulo lodyera, moyang'anizana ndi makina anga osokera, kenako anatsegula laputopu n'kuwaonetsa bambo ake loboti yooneka ngati munthu. Anati ena anaijambula kale chiwalo ndi chiwalo n'kuiika pa intaneti kuti wofuna adzipangire.

"Adadi, inu munkamasula injini pamsewu anthu akudikira," anatero. "Ichi chingakukanikeni?"

"Injini ndi injini," anayankha bambo ake. "Ichi n'chidole. Ukundiona ngati mwana?"

Mwanayo anangosiya laputopu yosatseka n'kumapita. Tsiku lachitatu ndinawapeza a Dalaivala atavala magalasi, akukankha mausi ndi dzanja lamanzere. Ndinadutsa ngati sindinaone.

Loboti ya pachithunziyo inali yaitali kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu, moti ntchafu yake yokha sikanakwana m'pulinta yathu. A Dalaivala anafufuza okha mpaka anapeza kabokosi kolembamo kukula kwa chinthu, ndipo analembamo theka. Zonse zinachepa nthawi imodzi, mutu, manja, mapazi. Anandiitana kuti ndidzaone, akumwetulira koyamba chitulukireni m'chipatala.

"Dzina lake ndi Kondakitala," anatero. "Ndi wamfupi, ndipo muona nokha, adzakhala waphokoso."

Masabata atatu pulinta inalira osapuma, nyumba yonse kununkha pulasitiki wopserera. Phazi loyamba linamatuka lili pakati n'kutuluka ulusi wosokonezeka wokhawokha. Lachiwiri linapindika m'mphepete. Makasitomala anga ankabwera kudzayeza madiresi n'kuiwala zimene abwerera, maso ali pa kamutu koyera kamene kankamera pang'onopang'ono patebulo. Ine ndinkadandaula mokweza kuti tikudyera pamiyendo ngati tili paulendo, koma kunena zoona ndinali wosangalala. Mwana uja anatumiza timota tokwana pachikhatho, toti tizipinda mawondo ndi zigongono, komanso kathumba ka masikuluwu ang'onoang'ono.

Tsiku lolumikiza ziwalo ndinayala nsalu yoyera patebulo kuti kanthu kasasowe. A Dalaivala anatenga phewa la Kondakitala, n'kuyesa kulowetsa mota m'malo mwake. Inakana. Anayesa sikuluwu pabowo, nayonso inakana. Anapanikiza phewalo ndi chigongono n'kukakamiza ndi dzanja lamanzere, ndipo pulasitiki anang'aluka pakati. Anayesa bondo, chiuno, khosi, zonse chimodzimodzi. Pamene analemba theka paja, mabowo nawo anachepa ndi theka, koma mota ndi masikuluwu ndi zogula m'sitolo, sizinamve nawo lamulolo. Ntchito ya masabata atatu inangokhala patebulo, yokongola koma yopanda pake.

Ndinawamvera chisoni, ndiye ndinalankhula msanga, monga mwa chizolowezi changa.

"Pepani a Dalaivala. Tingomumata ndi guluu, bola aime pashelefu."

Sanandiyang'ane. "Eya, m'mateni," anatero motsitsa mawu. "Kapena mumusokerere zomata ngati munachitira ine. Asamavutitse anthu."

Ndinayamba ndi kukwiya, poti ndi mmene ndilili. Ndinapita kukhitchini n'kutsuka mapoto otsukatsuka mwaphokoso kuti amve. Ine amene ndinkawasambitsa, ine amene ndinkawadulira nyama m'mbale, lero ndasanduka wolakwa? Koma mkwiyo utaphwa panatsala manyazi. Miyezi inayi bambo ameneyu ankamata malaya m'mawa uliwonse, n'kumatula madzulo, ndipo khwee aliyense ankawauza kuti mkazi wawo anataya kale mtima pa dzanja lija. Ndinali ndisanaganizepo choncho ngakhale kamodzi. Nditabwerera ndinapeza ziwalo zonse azikokolera m'katoni, laputopu atatseka.

Masiku awiri sanayandikire tebulo. Ine mantha anandigwira, chifukwa ndinkawerenga miyezi imene dokotala ananena ija, ndipo inali ikutha. Tsiku lachitatu ndinali kusoka malaya a sukulu a mwana wa kasitomala. Ndili pakati podula mabowo a mabatani ndinaima, sizasi ili m'manja. Ndinapita kukatenga katoni ija n'kuikhuthula pamaso pawo.

"Safunsa anadya phula," ndinatero. "Muli ndi telala m'nyumba, osafunsa bwanji?"

"Telala adziwa chiyani za maloboti?"

"Palibe. Koma ndikamachepetsa patani ya munthu wamkulu kuti ikwane mwana, ndimachepetsa mikono, khosi ndi chifuwa. Bowo la batani sindiliyeza pa mwana, ndimaliyeza pa batani. Inu mwachepetsa malaya ndi mabowo omwe, ndiye mukudabwa chiyani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana mota ija. "Ndipatseni magalasi," anatero.

Tinamuimbira foni mwana uja, ndipo anawalongosolera mmene angabowolere mabowo atsopano pachojambulacho ndi kunenepetsa pulasitiki wozungulira bowo kuti asang'aluke. Ine ndinawonjeza zanga ziwiri. Choyamba, asiyeko kampata, chifukwa chovala choyezedwa ndendende sichilowa. Chachiwiri, asayambe ndi phewa lathunthu, ayambe ndi kachidutswa kokhala ndi bowo lokha, monga ine ndimayesera patani yatsopano pansalu yakale. Ananyinyirika kuti ndayamba kuwalamulira pantchito yawo, koma anachita. Kachidutswa kachinayi mota inalowa bwinobwino, osathina, osagwedera.

Patapita masabata ena atatu ziwalo zatsopano zinali patebulo. Tsopano sikuluwu yaing'ono ngati imeneyo imafuna manja awiri, lina logwira chiwalo, lina lopotokola. Ndinali pamakina anga, nditawafulatira, pamene ndinamva akundiitana.

"A Telala, tabwerani mundigwirire apa."

Ndinali nditadzuka kale pampando. Miyendo inangodzuka yokha, poti inazolowera. Ndinakhalanso pansi.

"Ndatanganidwa," ndinatero. "Diresi laukwati ili akulifuna mawa."

Linali bodza, diresilo ndinali nditamaliza dzulo lake. Ndinaika kansanza pansi pa singano n'kuyamba kupalasa makina opanda ulusi.

"Mwandimva kodi?"

"Ndamva. Manja muli nawo awiri."

Kenako anati, "Mkazi wankhanza ngati inu sindinamuonepo."

"Munasankha nokha, palibe anakukakamizani."

Kutsogolo kwa makina anga kuli kalilole wamkulu amene makasitomala amadziyang'anirapo, ndipo ndinkawaona onse mmenemo. Ananyamula dzanja lamanja ndi lamanzere n'kuliika patebulo. Anatambasula zala chimodzichimodzi n'kulowetsa phewa la Kondakitala pakati pake. Zalazo zinkanjenjemera. Atangoika sikuluwu, phewa linapulumuka, sikuluwu n'kugwera pansi. Anawerama movutikira, anaitola, anayambiranso. Inagwanso. Ndinkawerenga mumtima uku ndikupalasa, misozi ikudonthera pakansanza kaja. Pogwa kachisanu ndi kawiri anatukwana mawu amene sindinawamve chisiyireni basi. Ndinaluma mlomo kuti ndisadzuke, ndipo sindinadzidepo ngati tsiku limenelo. Inagwa kakhumi ndi kamodzi. Kenako ndinaona chala chachikulu chikupanikiza, cholozera chikubwera kudzathandiza, ndipo sikuludiraiva inazungulira mpaka inalimba.

Sanandiitane kuti ndione. Anangopukuta nkhope ndi mkono wa malaya.

"Masikuluwu atsala angati?" ndinafunsa osatembenuka.

"Makumi asanu ndi limodzi, kudza atatu," anatero. "Ndipo makina anuwo mulibe ulusi. Ndakhala nanu zaka zingati kuti ndisadziwe kulira kwake?"

Masikuluwu otsalawo anatenga miyezi iwiri. Masiku ena ankamanga atatu, masiku ena dzanja linkakana ndipo tinkangokhala osalankhulitsana mpaka chakudya chamasana. Ine ndinagula maginito kuti azitolera zogwa pansi, ndipo thandizo langa linathera pomwepo. Titapita kumafizo dokotala uja anawauza kuti amufinye zala, ndipo anakweza nsidze.

"Mwayamba kugwiritsa ntchito kampira kaja?"

"Ayi," anatero a Dalaivala. "Ndalemba ntchito kondakitala."

Mayiyo sanaseke, koma analemba zambiri m'buku lake kuposa masiku onse.

Kondakitala tinamuyatsa Loweruka masana, mwana uja atabwera kudzathandiza za mawaya. Anaima patebulo, wamtali ngati botolo lalikulu la mafuta ophikira, timota tonse tikulira ngati tikukangana. Anaponda kamodzi, anaponda kawiri, n'kugwa chafufumimba pansalu. Tinaseka mpaka kugwira nthiti. Kuyenda mpaka lero sanakudziwe bwino. Koma atamuimikanso, a Dalaivala anadina pa laputopu, ndipo Kondakitala anakweza dzanja lamanja mpaka pamwamba pa mutu, ngati akuimitsa basi.

"Koma munthu wantchito sangakhale maliseche pamaso pa makasitomala anga," ndinatero, n'kutulutsa zimene ndinabisa m'dilowa. Ndinali nditamusokera kamalaya kabuluu ka nsalu zotsala, kokhala ndi kolala ndi kathumba. Batani ndinaika limodzi lokha, lalikulu bwino ngati la munthu, ndipo bowo lake ndinaliyeza pa batanilo.

A Dalaivala anakatenga kamalayako n'kukayang'anitsitsa. Batanilo linali lotuwa, lokumbika pang'ono m'mphepete, la malaya awo a kuntchito. Analizindikira. Anamuveka Kondakitala mkono uwu ndi uwu, kenako anayamba kulimbana ndi batani, manja onse awiri. Linkalowa theka n'kubwerera. Mwana uja anatambasula dzanja kuti athandize, ndipo ndinamumenya pachikhatho ngati akadali wa zaka zisanu. Tinadikira. Batani linalowa.

"Anzake alipo?" anafunsa, maso ali pa Kondakitala.

"Alipo onse m'chitini. Sindinataye ngakhale limodzi."

"Ndiye a Telala, ntchito ndakupezerani."

Lamlungu lonse ndinakhalira kusomola zomata ndi kubwezera mabatani pa malaya asanu ndi awiri. Malaya a kuntchito aja anaperewera limodzi, ndinaikapo lina losafanana kwenikweni, pansi penipeni polowa m'thalauza.

Lolemba linali tsiku la mafizo. Anadzitsekera kuchipinda, ine ndili pabalaza ndi chikwama m'manja, ndikuyang'ana wotchi. Basi yoyamba inatipita. Chitseko chitatseguka anatuluka atavala malaya abuluu, thukuta lili pamphumi, mabatani onse atakola okha. Koma anayambira pabowo lachiwiri. Kolala mbali imodzi inakwera kufika kukhutu, ndipo m'munsi mbali ina inalendewera. Zala zanga zinayabwa mpaka m'zigongono.

"Ndili bwanji?" anafunsa.

"Mwatchena," ndinatero.

Ndinagwira chikwama ndi manja onse awiri kuti asachite zawo. Tinakhoma chitseko n'kutsika msewu wathu dzuwa lili phwee, kudutsa pamakomo pa anthu amene ndakhala ndikuwasokera zaka makumi atatu, ndipo ndinayenda pambali pawo mpaka pokwerera basi.