Chingwe cha 4A ndi Mimba ya Chisato

Mimba ya Chisato Tsuboi inali ndi wotchi yakeyake. Inkayamba kupweteka 10 koloko ikangokwana, pamene ana a Sitandade 4A ankavala zovala zamasewera kupita kuholo kukadumpha chingwe. Inkapola yokha fungo la mpunga ndi msuzi wa nkhomaliro likangofika m'kalasi. Inachita zimenezi masiku atatu otsatizana osaphonyako.

Vuto silinali m'mimba ayi, linali chingwe. Chaka chilichonse mu February, nyengo ya chisanu m'dzikolo, kuzizira kutafika poti zala zikukana kugwira pensulo, makalasi a pasukulupo ankapikisana pa chingwe chachitali. Ana awiri amapukusa, ena onse amandanda n'kumalowa mmodzimmodzi: kuthamanga, kudumpha kamodzi, kutuluka, wina n'kulowa pompo. Amapatsidwa mphindi zitatu zokha, ndipo amawerenga aliyense amene wadutsa. Wina akakodwa chingwe chimaima, nthawi n'kumapita pachabe.

Pa masamu Chisato analibe mnzake m'kalasi monsemo, koma pa chingwe miyendo yake inkakhala ngati yobwereka. Akafika kutsogolo kwa mzere ankaima njo, mutu ukutsatira chingwe m'mwamba ndi pansi. Chingwe chinkadutsa katatu, kanayi, iye ali chiimire. Kenako ankatsinzina n'kudziponya, chingwe n'kumukwapula m'miyendo. Mwambo wake ngwakuti wina akakodwa onse amakuwa kuti "Zilibe kanthu!" Anzake ankakuwadi, koma masiku atapita mawuwo anayamba kutulukira m'mano.

Nzeru ya mimba ija anamupatsa ndi Ryohei Hamaguchi, mnyamata wa miyendo yopepuka amene kalasi inamusankha kutsogolera masewera. Kunali kutatsala masabata awiri kuti mpikisano uchitike. Anamupeza nthawi yokolopa, onse awiri atawerama akukankha nsanza zonyowa m'khonde.

"Iwe Chisato, taima kaye. A 4B afika 220, wamva? Ife tikadali pa 170. Ukudziwa chifukwa chake?"

Chisato anangoyang'ana nsanza yake.

"Sikuti ndikukunyoza, ndikukuthandiza. Tsiku la mpikisano ungonena kuti m'mimba mukupweteka. Achimwene anga anatero pa mpikisano woimba, palibe anawafunsa. Iwe upuma, ife tiwina, aliyense asangalala. Choipa n'chiyani pamenepo?"

"Nanga aphunzitsi akadziwa?"

"Adziwa bwanji? Ali ndi galasi loonera m'mimba mwa munthu?"

Chisato anaona kuti nzeruyo ndi yabwino moti sanadikire n'komwe tsiku la mpikisano. Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu anakagona kuchipinda cha namwino, kuseri kwa katani yoyera. Lachitatulo anamva chiphokoso chachimwemwe kuchokera kuholo, mapazi akugunda pansi. Atabwerera m'kalasi anapeza pakona ya bolodi palembedwa 203 ndi choko chofiira, atazunguliza duwa lalikulu. Kalasi yake inali itadutsa 200 koyamba, iye kulibe. Zinamupweteka kwambiri, kuposa kukwapula konse kwa chingwe.

Bodzalo silinathere kuholo. Poti munthu wodwala sangadzuke belu likangolira, ankagonabe mpaka phunziro la masamu kudutsa, ndipo pa mayeso aafupi a Lachitatu masana anapeza 55 pa 100, nambala imene kope lake linali lisanaionepo. Kunyumba amayi ake anada nkhawa. Anamuletsa nsomba yootcha imene ankaikonda, n'kumamudyetsa phala la mpunga lopanda chilichonse. Lachitatu madzulo anamuuza kuti apempha kufakitale ya nsomba kumene ankagwira ntchito kuti Lachisanu adzaweruke msanga apite naye kuchipatala. Chisato anameza phalalo ndi manyazi omwe.

Lachinayi, 10 koloko itakwana, anagogodanso kwa namwino atagwira pamimba. Namwinoyo, Mayi Kuroiwa, anali atagwira ntchito pasukulupo zaka makumi awiri, ndipo anali ataona mimba zamitundumitundu: za masamu, za Lolemba, za mkaka wa nkhomaliro. Anamuyeza kutentha kwa thupi, anamudina pamimba uku ndi uku, kenako anakatseka chitseko.

"Matenda ako ndawapeza, mwana wanga," anatero. "Dzina lake ndi chingwe."

Chisato anayesa kutsegula pakamwa kuti akane, koma m'malo mwa mawu inatuluka misozi. Analira mpaka mamina, Mayi Kuroiwa akumupatsa mapepala opukutira limodzi ndi limodzi, osamufulumiza.

"Ine ndikakhalapo amapeza 170," anatero akusisima. "Nditachoka apeza 203. Masamu ake ngosavuta."

"Ngosavuta koma ngolakwika. M'kalasi mwanu mulimo angati?"

"28."

"Ndiye 203 imeneyo ndi ya ana 27. Si ya 4A ayi." Mayi Kuroiwa anakhala pambali pake pabedi. "Tamvera. Bodza la matenda ndi loopsa kuposa mabodza ena. Lero ndakuyeza sindinapeze kanthu. Mawa ukadzadwala zenizeni, ine ndidzadziwa bwanji kuti ndithamange nawe? Ndiponso mantha ukawathawa lero, mawa umawapeza atanenepa. Wayamba ndi chingwe, taona masamu ayamba kale kukutayika."

Kenako anatsegula kabati, anatulutsa chingwe chakale, anamanga mbali imodzi kumwendo wa bedi, inayo n'kugwira yekha.

"Ndinakuonapo kuholo. Iwe umayang'ana chingwe, ndiye chimakuzunguza mutu. Tatsinzina, ungomvera."

Chingwe chinayamba kuzungulira. Pha! Pha! Pha!

"Wamva? Chikangomenya pansi ndiye kuti chikuthawa, chakusiyira khomo. Usachiope, chithamangitse. Tsegula maso tsono, uyang'ane pansi pakatipo pamene ukukadumphira."

Koyamba Chisato anakodwa. Kachiwiri anakodwanso, bedi mpaka linasuntha. Kachisanu anamva pha! anathamanga, anadumpha, n'kuzindikira ali tsidya lina pafupi ndi sikelo, miyendo yonse ili bwinobwino. Anatembenuka kukamwa kuli yasa.

"Waona? Tsopano mankhwala ako ndi awiri, ndipo onse ngowawa," anatero Mayi Kuroiwa akumasula chingwe. "Ukawauze aphunzitsi ako zoona lero lomwe. Madzulo ukawauzenso amayi ako, asakajombe kuntchito chifukwa cha mimba yabwinobwino."

Aphunzitsi a 4A, a Nagase, anamumvetsera mpaka kumaliza, osamudula mawu. Pa msonkhano wa kalasi wa poweruka anaimirira pafupi ndi 203 uja n'kunena kuti: "Chisato wandilola kuti ndikuuzeni. Sankadwala. Ankaganiza kuti kalasi ino ikhala bwino iye atachoka. Sindifunsa amene anamupatsa maganizo amenewo."

Kenako mpando unakhuluka kumbuyo. Ryohei anaimirira, makutu ali psuu.

"Ndine, aphunzitsi. Koma ndimangofuna kuti tiwine."

"Kufuna kuwina si mlandu. Khala pansi. Poti iwe ndiwe wodziwa kuthandiza Chisato, kuyambira mawa uziima kumbuyo kwake pamzere. Chingwe chikamenya pansi, uzimugunda pang'ono pamsana. Akakodwa ndiye kuti mwakodwa nonse awiri."

Mtsikana wina anakweza dzanja. "Koma aphunzitsi, nanga tikaluza?"

"Mutha kuluza, sindikunamizani. Koma ine ndinapatsidwa ana 28, ndipo palibe amene ndidzamubise kuseri kwa katani kuti nambala ikongole. 203 iyi sitifufuta. Ikhala pomwepa mpaka mudzaigwetse muli nonse."

Madzulo amenewo Chisato anamwa mankhwala achiwiri aja. Amayi ake atamva zoona zake anati, "Ndiye phala lonse lija ndimaphikira bodza?" Sanamukalipire kwambiri. Anangomuuza kuti Lachisanu limene adzaweruke msanga likhala la mpikisano, adzaone okha chingwe chimene chinadwalitsa mwana wawo.

Musaganize kuti zinthu zinangoyenda. Tsiku loyamba 4A inapeza 164, ndipo ena anang'ung'udza poyera. Ryohei nayenso kugunda pang'ono sankakudziwa. Anamukankha Chisato mwamphamvu moti anakatulukira tsidya lina osadumpha n'komwe.

"Iwe! Anati kugunda, osati kugwetsa chitseko!" anakuwa Chisato.

"Ndiye uzipita wekha msanga, dzanja langa lisamavutike!"

Awiriwo anayamba kufika m'mawa belu lisanalire, bwalo lili mbuu ndi chisanu, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Anzawo awiri opukusa chingwe ankabweranso, akudandaula koma osajomba. Lolemba kalasi inapeza 181. Lachiwiri 195. Lachitatu 199, ndipo Ryohei anagona chagada pansi n'kumalalatira denga. Lachinayi anabwerera pa 190. Chisato akalowa m'kalasi maso ake ankathamangira pakona ya bolodi, 203 ili pompo ndi duwa lake.

Tsiku la mpikisano holo inadzaza. Makolo anakhala m'mbali atavala majasi, ndipo Chisato anawaona amayi ake pafupi ndi khomo, atangochokera kuntchito. A 4B anayamba, ndipo anadutsa ngati madzi: 221. Kunena zoona, ulendo uno m'mimba mwa Chisato munapotokoladi.

Wezulo inalira. Mzere unayamba kuyenda, kalasi yonse ikuwerenga mokweza. Chisato anafika kutsogolo. Pha! Dzanja la Ryohei linamukhudza pamsana, iye anathamanga, anadumpha, anatuluka. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Pofika ulendo wachinayi dzanjalo linagunda mphepo, mwini msana atapita kale.

Tsoka linagwa pa ulendo wachisanu ndi chimodzi, ndipo linagwera kumene palibe ankayembekezera. Ryohei, maso ali pa mapazi a Chisato, anaiwala ake. Chingwe chinamukola, anagwa khu! Mnyamata amene chaka chonse anali asanakodwepo anakhala pansi atasokonezeka. Kalasi yonse inauma pakamwa, nthawi ikupita.

"Zilibe kanthu!" Mawu amenewo anamveka mpaka kukhomo kwa holo, ndipo anali a Chisato. "Dzuka iwe! Zilibe kanthu, tiye!"

Onse anamutsatira kukuwa, ulendo uno kuchokera pansi pa mtima. Ryohei anadzambatuka, chingwe chinazunguliranso, mzere unathamanga kuposa kale. 198, 199, 200. Pa 204 ana ena anayamba kulira akudumpha. Wezulo inalira ali pa 211.

Satifiketi inapita ku 4B, ndipo inali yowayenera. Koma amene anagwedeza holo ndi a 4A. Anakumbatirana, anagubuduka pansi, opukusa chingwe manja ali lende koma akuvina. A 4B anayang'anizana, osamvetsa kuti oluza akusangalala chiyani chonchi. Amayi a Chisato ankawomba m'manja uku akupukuta maso ndi mkono wa jasi.

Atabwerera m'kalasi, a Nagase anapita pabolodi. Anatenga chofufutira n'kumupatsa Chisato. Iye anakwera pakampando, anafufuta 203 mpaka fumbi lofiira kumugwera m'tsitsi, analemba 211, ndipo pansi pake anawonjezera timalemba tating'ono: ana 28. Ryohei analanda choko n'kuzunguliza duwa, lopindika ndithu, koma palibe amene analikonza.

Nthawi ya nkhomaliro Mayi Kuroiwa anasuzumira pakhomo. Anapeza Chisato atavala epuloni yoyera ndi chipewa chake, akugawira anzake mpunga poti linali tsiku la gulu lake.

"Nanga mimba ija ili bwanji lero?"

"Ikupweteka, mayi," anayankha Chisato, kalasi yonse n'kutembenuka. "Koma ndi njala. Ryohei, bweretsa mbale yako msanga, ukundichedwetsa!"

Phunziro: Mwana amene akuvutika ndi phunziro kapena masewera sitimubisa kuti kalasi ioneke yokhoza. Timafufuza pamene pakumuvuta, timamuonetsa njira, n'kuima kumbuyo kwake mpaka adutse yekha. Ndipo inu ana, musanamizire matenda pothawa chimene mukuopa. Uzani aphunzitsi, namwino kapena makolo anu zoona, chifukwa iwo angakuthandizeni pa vuto lokhalo limene mwawauza.