Mabatani a Kumsana

1.
Diresi langa la kutchalitchi lili ndi mabatani kumsana. Asanu ndi awiri. Ili ndi lachinayi tsopano, ndipo onse ndinasoketsa chimodzimodzi. Zaka makumi atatu, Lamulungu lililonse, mawu anga ndi omwewo:
Bambo a Tiya, tandimangirani.
Amuna angawo amatsitsa wailesi, n'kubwera.

2.
Si munthu wogwira mkazi dzanja pamsewu, ayi. Ngakhale m'nyumba. Tsiku la ukwati anandipatsa moni ngati mlendo wofunsa njira. Koma pa mabatani zala zawo sizinkafulumira. Ankayambira m'munsi kukwera, akafika pa la pakhosi ankapemerera tsitsi langa kuti lisakodwe. Ndinkakhala sabata yonse ndikudikira kamphepo kameneko.

3.
Sitiroko.
Mu Epulo. Dzanja lawo lamanja linafa, pakamwa panakhota, mawu anapita.

4.
Mabatani amene sathanso kuwagwira:
la wailesi
la foni
la tochi
a malaya awo
la thalauza, koma izi sitiuza anthu
anga.

5.
Ine ndine Tiyanjane, mwana wawo, ndipo anthu asandinene, chifukwa ndinachoka ku Blantyre kubwera kuno ku Luchenza kudzathandiza ndipo ndinapeza amayi atasiya kuvala diresi lawo, akupita kutchalitchi ndi bulawuzi yakale ngati alibe mwana wogwira ntchito, ndikati ndikumangireni akuti iyayi, ndikati bwanji akuti basi, ndiye ine mwa chifundo changa ndinalitenga mwakachetechete kupita nalo kwa a Che Mussa, atelala a pakhonde la golosale, kuti achotse timabatanito aike zipi, munthu azingokoka yekha kamodzi, kodi pamenepa ndalakwa chiyani

6.
Che Mussa, diresi langa.
Aa, mayi, mwafulumira. Mabatani ndadula kale. Zipi nayi, yolimba, siluma nsalu.
Ndinakutumani ine?
Mwana wanu ndiye.
Mwana wangayo akavale yekha zipiyo. Bweretsani.
Anandikulungira mabataniwo m'kapepala ngati mchere wapamsika. Ndinawerenga pomwepo, anthu akundiyang'ana. Manyazi analipo, koma ndinawerenga kawiri.

7.
Ndinawasokerera ndekha pansi pa mtengo wa mapeyala, ulusi wake wosafanana. Tiya anaima pambali, manja m'chiuno.
Amayi, mukufuna kuwazunza adadi. Malaya awo omwe akuwakanika.
Dokotala anati azichita mafizo a zala.
Musanamizire dokotala.
Chabwino. Ndalisowa dzanja lija, Tiya. Ndalisowa mpaka msana ukundiwawa. Ndimawasambitsa, ndimawadyetsa, ndimawatembenuza, ndine ndekha ndimagwira. Ine andigwire ndani?
Mwana anandilowetsera ulusi m'singano, poti maso anga anali atasiya kuona.

8.
Lamulungu.
Ndagwada patsogolo pa mpando wawo, ndawafulatira, diresi lili pululu kumbuyo.
Bambo a Tiya, tandimangirani.
Zii.
Belu loyamba lalira. Maondo ayamba kudandaula. Mtima ukuti dzuka iwe, nkhalamba yopanda manyazi, ukumuchititsa manyazi wodwala.
Bambo a Tiya, tandimangirani.
Kenako chala. Chamanzere, chozizira, chonjenjemera. Batani lathawa. Lathawanso. Akupuma ngati akukwera phiri. Belu lachiwiri lalira, anthu ayamba nyimbo yoyamba, ife tikadali pa la m'munsi.
Lalowa.
Limodzi lokha, lokhota. Kutchalitchi sitinapite.

9.
Mayi a Tiya, pakamwa pangapa pakana, koma mutu ukadali wanga, ndiye ndikuuzani chamumtima. Chaka chimene Tiya ankakwawa ndinapita ku maliro a amalume ku Ntcheu. Munkandiyembekeza Lolemba, ine ndinafika Lamulungu m'mawa. Ndinakuonani pawindo. Munapinda mkono kumbuyo n'kumanga nokha, onse, kuyambira m'munsi mpaka pakhosi, mukuimba, mofulumira kuposa ine. Ndinaima kuseri kwa nkhokwe ndi chikwama changa mpaka munatuluka.
Sindinakuuzeni. Sindinauze munthu. Ndinkaopa kuti mukadziwa kuti ndikudziwa, simudzandiitananso.
Musadzuke kaye.